Ka "-ed" kamene tinameza pa wailesi

Linali tsiku la Chitatu m'mwezi wa October, nthawi imene malata a situdiyo amalira okha ndi kutentha. Tinali pa nchito yathu ya masiku onse pa wailesi ya m'dera imene timathandizako mosalipidwa, kuwerenga zilengezo nkhani za masana zikatha. Za maliro, za ng'ombe zosowa, za msonkhano wa makolo kusukulu, za NRC yotoledwa pa msika wa Kapata. Zambiri zimabwera m'Chinyanja, koma maofesi ndi mabungwe amakonda kulemba m'Chizungu, ndipo ena amapempha kuti tiwerenge ndendende mmene alembera.

Pepala lina tsiku limenelo linachokera ku bungwe limene linali kufuna achinyamata okafunsa anthu mafunso m'midzi. Nthawi yolandira makalata inali itatha kale, koma anthu anali kubwerabe ndi maenvulopu ku ofesi yawo, ndiye anafuna tiwauze kuti aleke. Mzere woyamba unali ndi mawu anayi chabe: "Applications closed on Friday." Tinauwerenga kawiri monga mwa lamulo lathu, n'kuika nyimbo. Tilipo atatu amene timasinthana pa zilengezo, ndipo sititchula kuti pa maikolofoni panali ndani, chifukwa titakambirana pambuyo pake tinavomera kuti aliyense wa ife akanawerenga chimodzimodzi.

Pa Chisanu cha mlungu womwewo, cha m'ma 15 hours, alonda anatiitana kugeti. Panali mtsikana wa zaka mwina 20, fumbi mpaka m'maondo, envulopu ya khaki m'manja. Anatipatsa moni mwaulemu, kenako anafunsa.

"Ndimwe munawerenga vilengezo pa Chitatu?"

"Ndife, asisi."

"Munakamba kuti avala pa Chisanu. Lero ni pa Chisanu. Nafika kuja, aniuza kuti anavala sabata yatha."

Anachokera cha ku Mtenguleni. Amayi ake anagulitsa nkhuku kuti apeze ya thiransipoti, ya mafotokope ndi ya kudinditsa mapepala ake a Grade 12. Ife tinayamba ndi kudziteteza, monga mmene munthu amachitira akagwidwa. Tinati tinawerenga zimene zinalembedwa, pepala lilipo, tingamuonetse. Mmodzi wa ife analowa kukafuna pa kompyuta pamene timasunga mapulogalamu oulutsidwa kale, ndipo tinamvetsera tonse, iye ali pomwepo. Mawu anatuluka bwinobwino, kawiri konse: "Applications close on Friday." Ka "d" kaja kanalibe. Papepala kanalipo, m'maso mwathu kanalipo, koma pakamwa sikanatuluke. Ndipo popanda iko, chiganizo chija chinali Chizungu chabwino ndithu, chotanthauza kuti adzatseka pa Chisanu chikubwerachi.

Mtsikanayo sanakalipe, ngakhale kuti kukalipa kukanatipepukira. Tinasonkherana ya ulendo wobwerera, analandira ndi manja awiri, napita. Nchito ija anali ataiphonya kale ife tisanatsegule pakamwa, zimenezo n'zoona. Koma nkhuku, tsiku lathunthu la pamsewu, ndi masiku awiri ogona ndi chiyembekezo, zimenezo tinamulanda ndife.

Mlungu wotsatira tinachita zimene munthu wochita manyazi amachita, kupitirira muyezo. Tinalumbira kuti palibe "-ed" adzatithawenso. Tinayamba kumutchula paliponse pamene tamuona, mokweza, ngati tikumuitana kutsidya la mtsinje: "clo-zed", "walk-ed", "stop-ped", "arrive-ed". Sipanapite masiku atatu mameseji anayamba kulowa. Wina anafunsa ngati wailesi yalemba ana a Grade 3. Wina anangotumiza tizithunzi toseka. Tinakhala pakati ngati mbuzi ya pa mlandu: tikameza, tisocheretsa anthu, tikatchula, atiseka.

Amene anatichotsa m'dzenje limeneli ndi amayi ena, mphunzitsi wopuma pa nchito, amene amabwera pa Chiwelu kudzachita pulogalamu ya ana. Tonse timawatchula kuti Madamu. Anatipeza tikukangana za liwu la "asked", wina akuti "aski-ed", wina "askedi", wina "aks". Anamvetsera pang'ono, naika chikwama pansi.

"Ana inu, safunsa anadya phula. Bweretsani pepala."

Asanalembe chilichonse anatifunsa funso la Chinyanja. Anati titchule liwu la kuphika m'nthawi zosiyanasiyana. Tinayamba: tiphika, taphika, tinaphika, tidzaphika. Anati tibwerezenso, koma timvetsere pamene pakusintha. Tinaona kuti kumchira kuli zii, "-phika" yemweyo nthawi zonse. Dzulo, lero ndi mawa zonse zili kutsogolo, mu ka "-na-", ka "-a-", ka "-dza-". Mchira wa mneni wa Chinyanja umasintha pa zinthu zina, monga tikati tiphike, tiphikire, tiphikitse, koma nthawi timaimva liwu likangoyamba. Khutu la mwana wobadwira mu Mchini kapena mu Nabvutika limaphunzira zimenezi asanayambe sukulu. Likamva "tina-", ladziwa kale kuti nkhani ni yakale.

Chizungu chimaika nthawi kumbuyo kwenikweni, pamene khutu lathu layamba kale kupuma. "Close" ndi "closed" amayamba mofanana, amayenda mofanana, amasiyana pa kaphokoso kamodzi komaliza. N'chifukwa chake ambiri a ife sitivutika ndi mawu amene kusukulu anatiopseza nawo kuti ni ovuta, monga "go" ndi "went", "buy" ndi "bought", "see" ndi "saw". Amenewa tikangowaloweza sitiwameza, chifukwa liwu lonse limasintha maonekedwe. Amene amatigwetsa ni aja anatiuza kuti ni osavuta, ongowonjezera zilembo ziwiri.

Vuto lachiwiri Madamu anationetsa ndi mawu obwereka. M'Chinyanja liwu lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Mlendo akalowa m'chitundu chathu timamuveka vawelo kumapeto, ndipo ngati ali ndi zilembo zouma ziwiri zogundana, timaika vawelo pakati. "Book" anakhala buku, "cup" kapu, "shirt" shati, "bus" basi, "spoon" supuni, "school" sukulu. Ndi mmene lilime lathu limayendera, ndipo silili lokha. A ku Japan akabwereka "bed" amati "beddo", a ku Brazil amaika ka "i" kumapeto kwa Facebook monga mmene amachitira ambuya athu kumudzi. Tsopano lilime lozolowera choncho likakumana ndi "asked", pamene s, k ndi t ayenera kutuluka motsatizana popanda vawelo, limafuna pothawira. Limataya kaphokoso komaliza, kapena limaika "i" kumapeto n'kukhala "askedi", kapena limawerenga "e" uja wapapepala ngati kuti ni wamoyo.

Apa ndi pamene Madamu anatembenuza ndandanda yakale ya mapulogalamu, najambula mizere iwiri kuti pakhale zipinda zitatu. Anati "-ed" amalembedwa mwa njira imodzi koma amamveka mwa njira zitatu, ndipo chimene chimalamula ndi phokoso lomaliza la liwu musanaikeko mchira.

M'chipinda choyamba ndi mokha mmene "e" uja amamveka. Ngati liwu lithera pa phokoso la "t" kapena "d", mumawonjezera chigawo chatsopano chomveka ngati "id". "Want" akhala "wanted", "need" akhala "needed", ndipo chimodzimodzi "started", "voted", "decided", "planted", "ended", "invited". Chifukwa chake n'chapafupi. Simungaike "t" pamwamba pa "t" mnzake n'kuyembekezera kuti munthu amve kusiyana, ndiye pamafunika vawelo yowalekanitsa. Madamu anatiombetsa m'manja ngati ana awo a pa Chiwelu. "Want", kuomba kamodzi. "Wanted", kawiri. "Decide", kawiri. "Decided", katatu.

M'zipinda ziwiri zotsalazo kuomba sikuwonjezeka. "Walk" kamodzi, "walked" kamodzinso. "Close" kamodzi, "closed" kamodzi. "Open" kawiri, "opened" kawiri. "E" uja ni wakufa, alipo chabe pa pepala. Chimene chatsala n'kudziwa ngati mchira umveke "t" kapena "d", ndipo pa ichi anatiuza tigwire pakhosi.

Yesani ndi inu pamene mukuwerenga. Ikani zala ziwiri pa kholingo, muchite "sssss" ngati tayala la njinga likuphwa. Pakhosi pali bata. Tsopano chitani "zzzzz" ngati njuchi. Mumva kunjenjemera. Chitaninso "fffff", kenako "vvvvv". Milomo ndi mano zili pamalo amodzi, chosintha ni khosi chabe. Kusiyana kumeneku sikwachilendo kwa ife, ndi komwe kumalekanitsa kufula ndi kuvula, kusula ndi kuzula, kupala ndi kubala. "T" ali m'gulu la bata, "d" ali m'gulu lonjenjemera, ndipo mchira umatsatira mnzake amene wautsogolera.

Ndiye m'chipinda chachiwiri muli mawu othera pa phokoso la bata: p, k, f, s, sh, ch. Mchira wawo umamveka "t". "Stopped" ni "stopt", "worked" ni "workt", "missed" ni "mist", "washed" ni "washt", "watched" ni "watcht". Chenjerani, chimene tiyang'ana ni phokoso, osati chilembo. "Laugh" amalembedwa ndi "gh" koma amamveka "f", ndiye "laughed" ni "laft". "Fix" amathera pa "ks", ndiye "fixed" ni "fikst". "Dance" amathera pa "s", "hope" amathera pa "p", ngakhale onse awiri ali ndi "e" kumapeto.

M'chipinda chachitatu muli ena onse, ndipo ndiwo ambiri: othera pa vawelo, pa b, g, v, z, j, m, n, l, r. Mchira wawo umamveka "d" wopanda vawelo kutsogolo kapena kumbuyo. "Played", "called", "cleaned", "lived", "begged", "changed", "arrived", ndi uja anatigwetsa, "closed", amene "s" wake amamveka "z".

Mmodzi wa ife anakanabe. Anati sizingatheke kuti chilembo "d" chimveke "t", Azungu sangalembe china n'kukamba china. Madamu anaseka mpaka kupukuta misozi, nati Chizungu chonse ni choncho. Kenako analemba mawu awiriawiri, natiuza kuti mwini chitundu akawatchula amamveka ndendende mofanana: "passed" ndi "past", "missed" ndi "mist", "guessed" ndi "guest", "fined" ndi "find", "banned" ndi "band", "allowed" ndi "aloud". Tinawayang'ana nthawi yaitali. Tonse timadziwa kutchula "past", "guest" ndi "band" popanda kuganiza. Kutanthauza kuti lilime lathu linali kudziwa kale kutulutsa "passed", "guessed" ndi "banned". Chimene chinali kutisokoneza ni maso.

Sitikudabwa kuti maso ndiwo anatilamulira, poona mmene tinaphunzirira. Kuchokera mu 1966 Chizungu chinaikidwa kukhala chitundu chophunzitsira m'masukulu a Zambia kuyambira Grade 1, ndipo ndi mu 2014 pamene zitundu za m'madera zinapatsidwa malo ophunzitsira kuyambira Grade 1 mpaka Grade 4. Ife amene tili m'zaka za m'ma 30 tinakumana ndi Chizungu pa bolodi, tisanachimve kwa munthu aliyense amene anakula nacho. Aphunzitsi analemba "jump", pambali pake "jumped", natiuza kuti tiwonjeze "e" ndi "d". Kalasi yonse inayankha pamodzi ngati kwaya, ndipo m'phokoso la ana ochuluka chotero palibe akanamva kuti uyu wati "jumpt", uyu "jumpu", uyu "jump-ed". Aphunzitsiwo sitiwaimba mlandu, iwonso anachipeza pa bolodi. Mayeso athu a Grade 7, Grade 9 ndi Grade 12 anali a pepala ndi bolopeni. Tinapasa tikulemba "closed" molondola zaka zonsezo, ndipo palibe anatipempha kuti timutchule.

Kwa amene amatchula "walk-ed" tili ndi kachitonthozo kamene Madamu anatipatsa titamaliza kuchita manyazi. Kalekale eni Chizungu nawonso anali kutchula "e" ameneyu. Anafa pang'onopang'ono pakamwa pa anthu wamba, ndipo ophunzira ena sanakondwere nazo. Jonathan Swift, uja analemba Gulliver's Travels, anadandaula mu 1712 kuti anthu akudula vawelo imeneyi, ndipo zilembo zouma zikagundana mawu amamveka okhakhala. Dandaulo lake silinaphule kanthu, chitundu chinapita kumene anthu anachitengera. Koma zotsalira zilipo mpaka lero m'mawu ochepa ofotokoza munthu kapena chinthu, monga "wicked", "naked", "crooked" ndi "beloved". Kutchalitchi mumamva "bless-ed" powerenga Baibulo la Chizungu chakale, ndipo maloya kukhoti amatchulana kuti "learn-ed". Amenewa ni oloweza paokha. Ndiye mnzanu akati "walk-ed", akukamba Chizungu cha makolo a Azungu, chabe kuti wachedwa nacho zaka mazana angapo.

Kudziwa zipinda zitatu kunali kosavuta. Kutulutsa "t" ndi "d" wouma pa maikolofoni, nyali yofiira itayaka, inali nkhani ina. Chimene chinatithandiza kwambiri tinachipeza tokha pomvetsera owerenga nkhani a BBC usiku. Tinaona kuti liwu lotsatira likayamba ndi vawelo, iwo sasiya mchira uli lende. Amaunyamula n'kuupatsa liwu lakutsogolo. "Picked up" amamveka "pick tup". "Walked in" amamveka "walk tin". "Stopped at" amamveka "stop tat". "Called us" amamveka "call dus". "Moved out" amamveka "move dout". Ndipo "closed on" amamveka "close don".

Tinasangalala ngati tatola ndalama, chifukwa izi ndi zimene lilime la Chinyanja limachita tsiku lililonse. Ta, ti, da, do, chilembo chouma ndi vawelo yake pambuyo. Vawelo imene tinali kuifunafuna kumapeto kwa liwu, mpaka kuika "i" wabodza, inali kutiyembekeza kutsogolo. Kuyambira pamenepo, tikalandira pepala la Chizungu timatenga bolopeni n'kujambula kauta kolumikiza "-ed" aliyense ndi vawelo yomutsatira. Mapepala athu amaoneka ngati munda wa nyemba zoyanga, koma michira inasiya kutayika.

Tinaonanso china chimene chinatichotsera mtolo. Liwu lotsatira likayamba ndi chilembo chouma, monga "walked back" kapena "closed by", ngakhale wobadwira ku London samutulutsa "t" kapena "d" mokwanira akamakamba mofulumira. Amadalira mawu ena a m'chiganizo kuti anyamule nthawi: "yesterday", "last week", "already". Chiganizo chimene tinapatsidwa tsiku lija chinalibe chothandizira chilichonse. "On Friday" angakhale Chisanu chapita kapena chikubwera, ndiye katundu yense anali pa ka "d" kamodzi. Olemba akanati "last Friday", mtsikana uja akanakhala kunyumba ndipo nkhuku ikanakhala ikutola m'bwalo. Sitikamba izi kuti tiwakankhire mlandu. Pepala linadutsa m'manja mwathu, ndipo ife ndife timadziwa kuti womvetsera wailesi alibe pobwerera kuti awerengenso.

Mwina mukuti inu simuwerenga zilengezo, ndiye za chiyani. Ganizirani tsiku la intavyu, kaya kuno, kaya ku Lusaka. Akufunsani za nchito zimene munagwirapo, inu n'kuyankha kuti "I work at a shop in Down Shops", pamene mufuna kunena kuti munagwirako kale. Wofunsa amva kuti mukali pa nchito, ayamba kufunsa kuti mudzasiya liti ndipo abwana anu adziwa kapena ayi. Ganizirani voice note ya pa WhatsApp kwa kasitomala amene sadziwa Chinyanja, "we deliver on Monday" m'malo mwa "we delivered on Monday". Wina adikira katundu amene anafika kale. Kapena mwadwala muli ku Johannesburg, dokotala afunsa za mankhwala, ndipo kusiyana kwa "I use it" ndi "I used it" ndiko kumuuza ngati mukali kumwa kapena munaleka. Nthawi zambiri nkhani yonse imakupulumutsani, munthu amamva chimene mufuna kunena. Koma pamakhala tsiku lina limene palibe chokupulumutsani, ndipo tsikulo silichenjeza.

Pali chinthu chimodzi chimene tifuna kusiyanitsa bwino, chifukwa tikuona mmene timasekerana pa Facebook ndi pa TikTok. Munthu akasokoneza "l" ndi "r", kapena akaika "i" kumapeto kwa liwu, vidiyo yake izungulira tauni yonse dzuwa lisanalowe. Ambiri a ife tinaleka kukamba Chizungu pagulu chifukwa cha kuseka kumeneku, ndipo ena tinayamba kupotoza pakamwa kuti timveke ngati apamwamba. Ife pa wailesi sitifuna kumveka ngati a ku London. Tikatsegula pakamwa aliyense adziwe kuti ndife a kum'mawa, palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ndipo tikayerekeza zolakwa zija, "closedi" wa ambuya amene timamuseka akanamuuza mtsikana uja zoona, chifukwa "d" akumveka. "Clo-zed" wa mwana wa Grade 3 akanamuuzanso zoona. Amene anamunamiza ni "close" wathu wosalala, womveka bwino, amene palibe womvetsera ndi mmodzi yemwe anamuseka.

Ndiye ngati mufuna kuyamba, yambirani pa kusataya mchira, kukongoletsa kubwere pambuyo. Chida chophunzirira muli nacho kale m'thumba. Tengani foni, mujambule mawu anu mukufotokoza m'Chizungu zimene munachita dzulo, mphindi imodzi chabe, osawerenga papepala. Mvetserani, muwerenge kuti ni michira ingati yafika. Tsiku loyamba mudzakhumudwa, ife tinapeza itatu pa khumi ndi umodzi. Ngati foni yanu ili ndi kamaikolofoni kolembera mawu pa kiyibodi, iuzeni kuti "applications closed on Friday", muone chimene ilemba. Nthawi zina imakonza yokha mwa kungoganizira, koma nthawi zambiri imakuonetsani chimene yamva, ndipo ilibe chisoni. Chabwino chake, siseka.

Sankhani mawu khumi amene mumagwiritsa nchito tsiku lililonse, osati a m'dikishonale. Ife tinayamba ndi a m'zilengezo: "closed", "opened", "postponed", "cancelled", "passed", "missed", "arrived", "stopped", "started", "ended". Lililonse liikeni m'chipinda chake, kenako mulipatse mnzake woyamba ndi vawelo: "opened at", "passed away", "arrived in", "missed it". Tchulani mukuyenda, mukutsuka mbale, muli kumbuyo kwa njinga kupita ku Saturday Market. Lilime ni mnofu, limaphunzira mwa kubwereza monga mmene miyendo inaphunzirira kupalasa.

Ku situdiyo tinasintha zinthu zitatu. Chilengezo chilichonse chimene chili ndi tsiku lomaliza timachiwerenga m'Chizungu monga eni afunira, kenako timachinena m'Chinyanja, mmene "anatseka" ndi "adzatseka" sangasokonezeke ngakhale wailesi ikhale ya mabatire otha. Sititchulanso "Friday" yekha, timatchula deti ndi mwezi. Ndipo tisanalowe, wina amawerengera mnzake mokweza, womvetserayo atafulatira kuti asaone pepala, kenako anene m'Chinyanja chimene wamva. Kangapo konse wanena zosiyana ndi zolembedwa, ndipo takonza nyali isanayake.

Madamu akali kubwera pa Chiwelu. Akatipeza tagwira pakhosi tikuchita "zzzzz" m'khonde amangogwedeza mutu n'kudutsa. Mtsikana wa ku Mtenguleni sitinamuonenso, ndipo dzina lake sitinafunse, china chimene timachita nacho manyazi. Chaka chilichonse kumapeto kwa February, tikapita kwawo kukaulutsa za Nc'wala, timayang'ana m'khamu la anthu ngati tingamuzindikire. Asisi, ngati mukuwerenga izi, kapena wina wakuwerengerani, bwerani kugeti lomwe lija mufunse a zilengezo. Tili ndi ngongole ya nkhuku ya amayi.